Usawayankhe Kuti Amuna Anga

Mchesi, Lilongwe

Dorika mwana wanga,

Lero ndafulumira kulowa m'nyumba kuti ndikulembere dzuwa lisanalowe, chifukwa maso anga ndi nyali sizigwirizananso. Ukudziwa kuti pensulo ndidaigwira nditakula kale, kusukulu ya kwacha, ndiye ndimalemba ngati munthu wosankha nyemba, imodziimodzi. Upirire nane. Pakamwa ndalephera, pakuti chiyambire dzulo ndikangoti ndiyambe kulankhula iwe umalira, ine n'kusiyira panjira. Pepala ndiye silisiyira panjira.

Mawa basi ya ku Lusaka ikunyamuka, ndipo iwe ukuti sukwera. Ukuti malo ako kusukulu ya mafizo apatse wina, iwe uzikhala nane pabenchi kumsika. Chifukwa chake ndikuchidziwa. A Chikadza a ku Area 12, amene wakhala ukuwathandiza kuwongola mwendo chaka chino pamene unali wothandizira m'chipinda cha mafizo kuchipatala, atuma dalaivala wawo kudzanena kuti mawa m'mawa ukawatsazike kunyumba kwawo. Akuti upite wekha, nthawi imene akazi awo adzakhale atapita kokonzekera magule, kenako galimoto ikakutule kudepoti. Ukuopa kupita chifukwa manja awo ukuwadziwa. Ukuopanso kukana chifukwa ndi iwo adakulankhulira kumaofesi a ku City Centre kuti pasipoti yako ituluke msanga. Ndiye wasankha kungogona pakati pa njira ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Ayi mwana wanga. Basi imeneyo ukwera. Za ku Area 12 ndikuuza ndikamamaliza, koma uyambe wamva zanga, chifukwa a Chikadza si omaliza. Kumene ukupitako amuna otere aliko, ndipo ukadzabwerako ndi satifiketi yako udzawapeza ena atagona pamabedi akukudikira.

Ntchito imeneyi sudaitole panjira. Udali wamng'ono pamene bambo ako adagwa pamakwerero kumene ankamanga maofesi aja a ku City Centre. Adabwera nawo atawanyamula, miyendo ili lende. Abale a ku Nathenje adayamba kale kunong'onezana za amene adawalodza. Koma mayi uja wa mafizo, Asisitala a Gondwe, adawagwira mwendo tsiku ndi tsiku, kupinda, kutambasula, kupinda, kutambasula, mpaka tsiku lina bambo ako adayenda okha kuchoka pabedi kukafika pazenera, akudandaula njira yonse kuti mayiyu alibe chisoni. Iwe unkaima pakhomo chala chili m'kamwa. Tikabwera kunyumba unkagwira mphaka wa eni ake n'kumamupinda mwendo mpaka adakukanda. Bambo ako adakhala nafe zaka zambiri akuyenda ndi ndodo, ndipo adakuperekeza kusekondale ndi miyendo yawo asanatisiye. Zaka zimenezo tidapatsidwa ndi manja a mkazi amene sankaopa kugwira thupi la mwamuna. Tsono iwe ukufuna kubisa manja ako m'thumba la nyemba chifukwa cha mwamuna mmodzi wopanda khalidwe?

Ine ndidalakwitsa koyamba pa dzina. Bambo ako ali chigonere, ndidalowa ntchito ku Area 9, kunyumba ina ya mpanda wa maluwa ofiira. Ntchito yake idali yosamala mkulu wina, bambo wake wa mwini nyumba, amene adafa ziwalo mbali imodzi. Adanditenga chifukwa ndinkadziwa kuthowa ndi madzi otentha, komanso ndidaonerako zija ankachita Asisitala a Gondwe. Tsiku loyamba lenilenilo, ndikungolowa m'chipinda, mkuluyo adandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Aa, andipezera mkazi wanga wamng'ono." Adona adaseka, bwana adaseka. Ine ndidagwada n'kuyankha monga tidaleredwera kwathu: "Ndabwera amuna anga, mwandisungira chiyani?" Nyumba yonse idakondwa, ati mayiyu ngwaulemu, mwambo akuudziwa. Ukudziwa mmene zimakhalira kumudzi. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wawo kuti mkazi wanga, mdzukuluyo amawalanda chipewa, amawanena kuti mwatha mano ndikusiyani ndikakwatiwe kwina, anthu pabwalo n'kumaseka. Palibe choipa pamenepo, chifukwa onse akudziwa kuti ndi magazi amodzi, ndipo zimachitikira poyera, amayi ako ali pomwepo akupeta. Koma uja sadali agogo anga. Ine ndidatenga chibwana cha pabwalo n'kuchilowetsa m'chipinda chogona cha munthu wachilendo. Sipadapite nthawi, "mkazi wanga" adasanduka "mkazi wanga sendera kuno," kenako "mkazi wanga, mwamuna samuthowa mwendo wokha." Ndipo poti dzinalo ndidalivomera pamaso pa anthu, ndidasowa polikanira.

Tamvera Dorika. Dzina limakanidwa tsiku loyamba, lisanamere mizu. Wodwala akangoti mkazi wanga, kaya chibwenzi changa, kaya mawu ena amene amagwiritsa kumeneko, usadikire mawa. Unene pomwepo kuti, "Bambo, ine ndine Dorika, wophunzira mafizo. Munditchule choncho." Usakalipe, komanso usamwetulire. Akabwereza, ubwereze. Adzakunena kuti ndiwe wonyada, kuti sukulu yakuiwalitsa kwanu. Alekeni anene. Kunyada kwa tsiku limodzi n'kopepuka kusiyana ndi katundu amene ndidasenza ine. A Chikadza adakugwirira pomwepa. Ati poti kwawo n'kufupi ndi kwathu, ndiye iwo ndi agogo ako. Ubale umenewo ine sindiudziwa. Pamaliro a bambo ako sindidawaone atakhala pamasiwa. Wodwala ndi wodwala, mwana wanga. Umupatse moni waulemu, umufunse mmene wadzukira, umulimbitse mtima akamalira ndi ululu, koma usamuyankhe kuti amuna anga.

Ndidalakwitsanso pa kuseka. Ife akazi a kuno manyazi akatigwira timaseka, n'kuyang'ana pansi, n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi. Kuchinamwali adatiphunzitsa kusayang'ana wamkulu m'maso, ndipo ine ndidaphunzira bwino. Tsiku lina ndikumudzutsa mkulu uja kuti akhale tsonga, dzanja lake lidatsika kuchoka paphewa panga kufika pachifuwa, n'kukhazikika pomwepo. Ndiye ukuganiza kuti m'kamwa mwanga mudatuluka chiyani? Kuseka. "Iii, agogo inu." Basi. M'kati ndinkalira, koma iye adamva kuseka kokha, n'kuyesa kuti ndalola. Mawa lake adabwereza, mkuja adawonjeza. Mvula ikakuona litsiro sikata. Ndinkatuluka m'chipindamo n'kukasamba m'manja pampope wa kuseri nthawi yaitali, ngati kuti manja anga ndiwo adalakwa.

Ndiye iwe usaseke. Ndikudziwa kuti kusekako kumabwera kokha, ngati chitsokomolo. Uumeze. Ugwire dzanjalo pamkono, ulichotse, ulibwezere pabedi, umuyang'ane munthuyo m'maso ngakhale imvi zili mbuu, unene kuti, "Dzanja ili likhale apa. Mukandigwiranso choncho ndisiya, ndikaitane asisitala." Ndipo akabwereza, usiyedi, utuluke, ukaitane. Mawu oterewa sabwera okha nthawi yake ikafika, mwana wanga. Nthawi imeneyo mutu umaima. Ayenera kukhala okonzakonza, ngati nkhuni zimene umawaza mvula isanagwe. Uziwanena wekha m'basimo mawa, kuchokera kuno mpaka ku Mchinji, m'Chichewa ndi m'Chingerezi chomwe, mpaka lilime liwazolowere. Woyandikana naye akakuyesa wamisala, zilibe kanthu.

Chachitatu chidali chitseko. Ndikamalowa kukathowa mkulu uja ndinkatseka, palibe adandiuza. Ndinkati munthu wamkulu wavula, asamuone adzukulu ake kapena anthu a ntchito odutsa pakhonde. Ndinkati ndikumusungira ulemu. Ndidapirira mpaka zitandikwana, ndipo tsiku lina ndidapita kwa adona. Ndidawapeza akuluka juzi pabalaza, ndidagwada chapatali.

"Mayi, agogo akumandigwira mosayenera."

Sadasiye kuluka. "Waona ndani?"

"Palibe mayi. Chitseko chimakhala chotseka."

"Amatseka ndani?"

"Ine."

"Zayamba liti?"

Nditawauza, adati, "Nthawi yonseyi mudali chete? Nanga si inu nomwe mumawatchula amuna anu? Munthu akudwala, a Nambewe. Dzanja silidziwa chimene likuchita."

Ine ndidati, "Mayi, lakufa ndi lamanzere. Limene limandigwira ndi lamanja."

Pamenepo ndiye adasiya kuluka. Mwezi utatha adandiuza kuti apeza mbale wawo wa kumudzi woti azisamala agogo. Ndidabwera kuno ku Mchesi wapansi, bambo ako ali chigonere, iwe ukudikira phala. Ndipamene ndidayamba kukhala pamsika ndi lichero la nyemba.

Uone mmene mafunso awo adayendera, chifukwa kulikonse amayenda chimodzimodzi: waona ndani, watseka ndani, bwanji sudanene msanga. Tsono uwatsekere njira onsewo. Ulemu wa wodwala umasungidwa ndi katani kapena nsalu yofunditsa, osati ndi chitseko. Wodwazika akhalepo, kaya ndi mkazi wake, kaya mlongo wake, umuike pampando pafupi, umuuze kuti aonerere kuti akathe kuthandiza kunyumba. Ngati palibe, uitane mnzako wophunzira naye, ndipo nawenso akakuitana usamati ndatanganidwa. Akakuti wodwala wakuti ndi bwana, mafizo ake akachitikire kunyumba kwake, usapite wekha, ngakhale atumize galimoto yonyezimira bwanji. Ndiponso usamagwire ntchito chogwada pambali pa bedi monga ndinkachitira ine. Asisitala a Gondwe sindidawaone atagwadira wodwala. Ulemu wawo udali pamoni ndi pamawu, koma pantchito ankaima, mapazi ali pansi, khomo akuliona.

Ndipo ukanene tsiku lomwelo. Usadikire kuti mwina asiya. Chetechete sautsa nyama. Upite kwa amene akukuyang'anira, unene zoona zokhazokha: ndani, pabedi liti, wagwira pati, wanena chiyani. Usazungulire ndi mawu a manyazi oti "akumandivuta," chifukwa mawu amenewo amalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Akakuyankha kuti upirire poti ndi wodwala, uthokoze, upite kwa wina wamkulu kuposa iye. N'zoona kuti alipo ena amene matenda amawaonongera manyazi m'mutu. Asisitala a Gondwe adandiuzapo za bambo wina, mkulu wa mpingo, amene atadwala matenda a kufa ziwalo adayamba kulankhula zimene akazi ake sadazimvepo chikwatiranire. Woteroyo usamude, si iye, ndi matenda. Koma dzanja lake ulichotsebe, ukanenebe, ndipo usakhale naye wekha. Njoka ikakuluma mosadziwa, ululu wake suchepa.

Ndidalakwitsanso pomuseka Che Saidi, telala uja wa pakhonde la sitolo pafupi ndi mzikiti, amene wakusokera madiresi a ulendowu. Udamva mmene amachitira akamayeza mzimayi. Amakweza mawu kuti khonde lonse limve: "Mama, tsopano ndiyeza mapewa. Mama, tsopano m'chiuno, gwirani tepi nokha kumbuyoko. Mama, ndatha." Ife a mzere wa nyemba tinkamutsanzira tikakhala opanda ogula. Wina amangoti, "Wailesi yatsegulidwa," tonse n'kugwa ndi phwete. Tsiku lina nditapita kukasoketsa bulauzi ndidamufunsa kuti, "Che Saidi, kodi mukulengeza maliro?" Iye adachotsa mapini m'kamwa n'kuti, "A Nambewe, dzanja lopanda mawu aliyense amaliikira mawu ake." Ndidaseka, koma pobwerera ndidayenda pang'onopang'ono. Ndidakumbuka kuti Asisitala a Gondwe ankachita chimodzimodzi ndi bambo ako. "Bambo, ndigwira bondo. Tsopano ndikwera pantchafu, mpaka apa pokha. Mukamva kuwawa munene." Ine ku Area 9 ndinkagwira ntchito ndili duu, maso pansi, chifukwa kutchula ntchafu pamaso pa mwamuna wamkulu kunkandichititsa manyazi. M'chete wanga ujamo mkulu uja ankadzipangira nkhani yake. Ndiye iwe uzilankhula. Usanagwire, unene pamene ugwire ndi chifukwa chake. Utchule ziwalo ndi mayina ake osachita manyazi, ndi mawu omwe ungatchulire mtengo wa tomato. Munthu akamva mawu a ntchito amakumbukira kuti ali kuchipatala, ndipo amene ali kuseri kwa katani amamva zonse.

Koma usandimve molakwa, Dorika. Zonse ndakuuzazi ndi mpanda chabe. Mbuzi ikadumpha mpanda n'kudya chimanga, wolakwa ndi mbuzi, si chimanga. Pano ndiye ndidakulakwira iwe mwini. Tsiku lija udabwera kuchokera kuchipatala osadya, n'kundiuza kuti a Chikadza akugwira m'chiuno pamene umawathandiza kutsika pabedi, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga adali akuti, "Unavala chiyani?" Ndidaona nkhope yako ikutsekeka. Ine, amene ku Area 9 ndinkamanga zitenje ziwiri ndi mpango kumutu, n'kufunsa funso la adona! Kuno siketi imafika pansi pa bondo mwa lamulo, koma sindinaone manja a amuna akufupika chifukwa cha zimenezo. Funso limenelo ulitaye, lisakutsate ku Lusaka. Mnzako akadzabwera kwa iwe akunjenjemera, usadzamufunse zovala. Udzamufunse kuti, "Tipite limodzi kukanena?" Ngakhale atakhala mnyamata wa m'kalasi mwako, chifukwa nawonso azimayi odwala alipo amene amagwira ana a eni ake pamene sapayenera, ndipo mnyamata akanena anzake amamuseka kuti wachita mwayi. Iwe usaseke nawo.

Padzakhala masiku amene udzanyansidwa ndi ntchito yonse, udzaona ngati wodwala aliyense wamwamuna ndi a Chikadza. Si choncho. Ambiri adzakhala ngati bambo ako, anthu amantha, amanyazi, ongofuna kudzapitanso okha kuchimbudzi. Ena adzalira pamaso pako chifukwa chala chimodzi chagwedezeka. Amenewo usawalange ndi nkhope yowawa pa mlandu wa anzawo. Manja ako akhale ofewa, malire ako akhale olimba. Ziwirizi zimatheka pamodzi, ndidaziona ndi maso anga.

Tsopano za ku Area 12. Lero sindinakhale pabenchi monga unkaganizira. Ndinasiyira Nasikelo, mnzanga wa benchi yoyandikana, ndinatapa mtedza wabwino m'dengu, ndinakwera basi mpaka ku City Centre, kotsalako ndinayenda wapansi. Misewu ya kumeneko ilibe anthu oti n'kufunsa njira, mitengo yokhayokha ndi agalu ouwa kuseri kwa mipanda. Ndinasankha nthawi ya masana dala, kuti mayi wa nyumba akhale alipo.

Mlonda anasuzumira pageti n'kuti, "Mtedza sitigula, mayi."

Ndinati, "Sindikugulitsa achimwene. Kanenani kuti kwabwera amayi ake a Dorika."

A Chikadza ndinawapeza pakhonde, mwendo uja udauwongola iwe atausanjika pakampando, ndodo ili pambali. Akazi awo anali pomwepo akuthira tiyi. Atangondiona, a Chikadza anaomba m'manja. "Apongozi afika! Mayi, patseni mpando apongozi anga. Nanga mkazi wanga wamng'ono mwamusiya kuti?"

Dorika, kuseka kunabwera. Kunafika pakhosi penipeni, pamodzi ndi dzanja lofuna kubisa nkhope ndi chitenje monga amachitira mpongozi. Msinkhu wonsewu, chizolowezicho chikadali m'thupi. Ndinakumeza. Ndinakhala pansi, ndinaika dengu patsogolo, ndinawapatsa moni wonse mwaulemu, iwo ndi akazi awo, kenako ndinati, "Bwana, ine si apongozi anu. Ndine Nambewe wa ku Mchesi, ndipo mwana wanga dzina lake ndi Dorika. Ndabwera kudzathokoza pa zimene mudachita kuti pasipoti ituluke, kamtedza aka ndi ka zikomo. Ndabweranso kudzatsazika m'malo mwake. Iye mawa sabwera."

A Chikadza anati, "Sabwera bwanji? Ndanena kale kuti galimoto ikamutenge."

Ndinati, "Kwathu mwana wamkazi sakatsazika yekha m'nyumba imene mayi wa nyumba kulibe."

Akazi awo anatsitsa tiyipoti pang'onopang'ono. Sanayang'ane ine, anayang'ana amuna awo. "Mawa? Inu simunandiuze kuti kubwera mlendo."

A Chikadza anaseka, kuseka kwa pamwamba. "Aa, anthu inu. Ndi chibwana chabe. Mwana uja ndi mdzukulu wanga, kwathu n'kumodzi."

Ndinati, "Bwana, chibwana cha agogo ndimachidziwa, ndidakulira momwemo. Sichifika pamene dzanja lanu lidafika."

Munthu amene amatchetcha kapinga kuseri anasiya kutchetcha. Ndinali kudziwa bwino kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sindinapite kukapha munthu. Ndinapita kukanena kuti mwana wanga sabwera, n'kunena mayi wa nyumba akumva.

A Chikadza anatsitsa mwendo pakampando. Kuseka kunali kutatha. "Mayi, khadi la chipani muli nalo?"

Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuwaonetsa. Sanalilandire.

"Mumagulitsa pamsika waukulu, eti? Benchi yanu ili pati?"

Ndinati, "Mzere wa nyemba, pafupi ndi mpope. Mukafunsa Nambewe aliyense akulozerani."

Ndinatsazika bwinobwino n'kunyamuka. Akazi awo anakhuthula mtedza m'beseni, anandibwezera dengu, n'kundiperekeza okha mpaka pageti, chinthu chimene mlonda anadabwa nacho. Pageti penipeni anati, chapansipansi, akuyang'ana kumsewu, "Galimoto mawa ndipita nayo ine kumagule." Kaya amatithandiza, kaya amatchinga nyumba yawo, sindinafunse.

Sindikubisira, za benchi sindikudziwa mmene zithere. Mwina mawu aja anali a manyazi chabe, mwina sabata yamawa kubwera anyamata a chipani kudzandiuza kuti malo anga apatsidwa kwa wina. Ndalingalira njira yonse yobwerera, ndipo mtima wanga wakhazikika. Akandichotsa ndidzayala thumba pakhomo pano, nyemba sizifuna benchi kuti zigulidwe. Ndidayamba ndi lichero, sindidafe. Ukadzamva kuti zachitika, usabwerere. Usawalembere kalata yopepesa, usawalembere yothokoza, kuthokoza ndathokoza kale ndi mtedza wanga. Pasipoti ili m'manja mwako, chithunzi chake ndi chako, ndipo mayeso amene adakutsegulira malo kusukuluko udalemba ndi mutu wako, iwo kulibe.

Ukuopa kuti angatumize mawu kumalire kuti akubweze. Mwina angathe, mwina sangathe, anthu otere mphamvu zawo timazikulitsa tokha ndi mantha. Koma ngati ali nazo, akubweze uli m'basi, aone anthu kuti mwana wa Nambewe wabwezedwa. Usawagwirire ntchito yawo podzibweza wekha uli pamphasa m'nyumba muno.

Ndiye pukuta maso, usambe, udye. Mawa tidzuke msanga, sutikesi ndisenza ine mpaka kudepoti, ndipo sindichokapo mpaka nditaona basi ikukhotera njira ya ku Mchinji, iwe uli pazenera. Ndikatero ndipita kukatsegula benchi yanga monga mwa masiku onse, ndikhale pamenepo, wofuna kundipeza andipeze.

Mulungu akutsogolere, akusungire manja ako ndi pakamwa pako.

Ndine amayi ako,
Nambewe